Tsiku Limene Ndinapha a Zuze

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Thambani, amayi ogulitsa tomato amagundana zigongono. Ena amachita kundipatsa moni mwaulemu ndithu, kenako n'kufunsa kuti, "Achemwali, sabata ino kwamwalira ndani?" Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani. Ndinazifuna ndekha.

Ndiyambe ndi ntchito yanga. Ndimagwira kukabungwe kena koteteza zachilengedwe kuno ku Mwanza. Dzina la udindo wanga ndi lalitali, la Chingerezi chokhachokha, moti mayi anga akafunsidwa kutchalitchi amangoti, "Amabzala mitengo." Koma kunena zoona ine sindibzala mitengo. Ine ndimauza anthu kuti kuli kubzala mitengo. Ndimauza dalaivala kopita, ndimauza akumudzi tsiku lomwe tikubwera, ndimakumbutsa abwana za misonkhano, ndimajambula zithunzi n'kuponya pagulupu yapafoni ya ku ofesi. Mwachidule, ine ndiye pakamwa pa bungwe.

Nthawi imeneyo ndinali nditangolembedwa kumene, ndidakali pamiyezi yoyesedwa. Abwana athu, Mayi Nsona, ndi munthu wabwino koma saseka zaulere. Anali atandikalipira kale kamodzi. Tsiku lina ndinamva kuti msonkhano wa ku Kanduku walephereka, ine n'kuti ndinena ndikamaliza tiyi, ndipo pomwe ndimamaliza tiyi uja galimoto inali itanyamuka kalekale. Atabwerako ali fumbi lokhalokha anandiitana.

"Uthenga si nthochi yoti uivundike ipse kaye," anatero. "Ukamva chinthu, ife timve nthawi yomweyo. Wamva?"

Ndinamva. Vuto lake ndinamvetsa mopitirira muyeso.

Mvula itayamba kunabwera mayeso anga enieni, tsiku lobzala mitengo kumudzi wina kuseri kwa Thambani. Kumabweranso mlendo wochokera ku Lilongwe, wa kumene kumachokera thandizo lathu, kudzaona ngati anthu akumudzi ali ndi chidwi ndi ntchitoyi kapena timangolemba m'malipoti. Mayi Nsona sanazungulire.

"Tsikuli likayenda bwino, ntchito ndi yako. Likapanda kuyenda, tidzakambirana."

(Amene munalembedwapo ntchito mukudziwa kuti kukambirana kumeneko kumathera pageti.)

Mwini wake wa tsikuli anali a Zuze, wapampando wa komiti yoona za nkhalango m'mudzimo. Nkhalamba yowonda, yachipewa chakuthaitha, makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambiki, ndipo mbuzi ikalowa munazale yawo amaikalipira m'Chipwitikizi. Nazaleyo ili kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mbande zonse zomwe timafuna kubzala anafesa ndi iwo, kuthirira ndi iwo. Phiri lomwe timafuna kubzalako linametedwa kalekale ndi ootcha makala, mitengo inangotsala pamanda pokha, m'munsi mwa phirilo. Dandaulo la a Zuze linali limodzi chaka ndi chaka.

"Mwana wanga," amandiuza, "anthu akuno ukawaitanira mitengo, mutu umawapweteka onse tsiku limodzi."

Ndisaiwale kunena kuti sabata imeneyo a Zuze anali ndi chifuwa choopsa, mpaka anakaonekera kuchipatala cha pa Thambani. Pafoni amatsokomola kwambiri kuposa kuyankhula.

Ndiye ine ndinakonza zinthu, osati masewera. Ndinaimbira amayi a komiti kuti aphike thobwa lambiri komanso akonzekere nyimbo zolandirira alendo. Ndinauza achinyamata kuti ayambiretu kukumba maenje. A Saidi, dalaivala wathu, ndinawatuma m'mawa wa tsiku lomaliza kukonzekera kuti akatule tenti ndi mipando kwa a Zuze. Zonsezi muzisunge, chifukwa ine mwini wake ndinaziiwala.

Masana a tsiku lomwelo ndinati ndikaone ndekha ngati zonse zili m'malo. Galimoto inali itapita kwina ndi abwana, ndiye ndinakwera minibasi mpaka pa Thambani, pamenepo n'kupeza kabaza wa njinga yamoto. Ndinali nditavala jini ndi tisheti ya bungwe. Chitenje changa chinatsala chili pachikapachika pampando wa mu ofesi.

Tikuyandikira kwa a Zuze, wakabaza uja anachepetsa liwiro. Kenako anazimitsa wailesi yomwe imaphokosera panjingapo, n'kuvula chipewa.

"Bwanji?" ndinafunsa.

Anangoloza ndi mlomo. Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi, mzere wodutsa msewu wonse. Patsogolo pang'ono, kupitirira nyumba ya a Zuze, panalinso mzere wina. Mwana aliyense wa m'Malawi muno amadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti pali zovuta, ndipo nyumba ya pakati pa mizere iwiriyo inali imodzi yokha.

Tinaima chapatali pansi pa mtengo wa mango. Ndikuyang'ana, pabwalo pali tenti, azibambo angapo akhala pansi pake mwakachetechete. Kuseri kwa nyumba kukufuka utsi, amayi azungulira migolo pamoto. Amayi ena akhala pakhonde atamanga maduku, akuimba chapansipansi nyimbo yokoka ngati ya kumpingo. Ndipo posakhalitsa kunadutsa achinyamata atanyamula makasu ndi mapiki, kulowera kuphiri, njira yomweyo ya kumanda.

Tenti ija ndinaizindikira kuti ndi yathu. Ndipo mukudziwa zomwe ndinaganiza? Ndinati mumtima, bola tentiyi yafika nthawi yabwino, yawathandiza anamfedwa.

"Panyumbapa ndi pa a Zuze, eti?" anafunsa wakabaza.

"Eya."

"Ndinawaona kuchipatala sabata yomwe ino. Sanali bwino ayi."

"Chifuwa chija," ndinatero ine.

"Chimenecho," iye anavomera, akupukusa mutu.

Basi, anthu awiri osadziwa kanthu tinatsimikizirana. Ndinayesa kuimba foni ya a Zuze, yosapezeka. (Ndinamva pambuyo pake kuti inali kotchajitsa pa Thambani.) Munthu wanzeru akanangoyenda mapazi ochepawo n'kukafunsa. Koma ndikanalowa bwanji pasiwa ndi jini? Mkazi wamkuluwamkulu, wa ku ofesi, kukagwada pakati pa amayi olira miyendo ili mubuluku? Akanandinena mpaka chaka chamawa, ndipo akananena bungwe lonse. Ndinaona kuti ulemu waukulu ndi kubwerera.

Misozi inali italengeza, chifukwa a Zuze ndinkawakonda. Koma m'khutu munkangomveka mawu a Mayi Nsona a nthochi aja. M'dera limenelo netiweki imapezeka pachulu china cha m'mbali mwa msewu, ndiye ndinauza wakabaza kuti aime. Ndinakwera pachulupo, kukweza foni m'mwamba, n'kulemba pagulupu ya ku ofesi kuti ndi chisoni chachikulu ndikudziwitsa onse kuti a Zuze atisiya, ndaona ndi maso anga, adzukulu apita kale kumanda, mwambo wobzala mitengo walephereka. Ndinapezanso chithunzi chawo chabwino, atanyamula mbande akumwetulira, n'kuponya pompo. Ndinaikanso kachithunzi ka kandulo.

Ndinatsika pachulupo ndili ndi chisoni, komanso, ndisaname, ndikudzimva kuti ulendo uno palibe anganene kuti ndachedwetsa uthenga.

Wakabaza uja atanditula pa Thambani sanadikire n'komwe kuti ndikwere minibasi. Ndinamuona akupita kwa anzake pasiteji chipewa chili m'manja. Pomwe minibasi imadzaza, mayi wina yemwe anakhala pambali panga anandiuza kuti kodi mwamva, a Zuze a mitengo aja amwalira, akuti anagwa munazale. Ine n'kuti, anagwa munazale? Izi ndiye sindinazimve. Ndinatsala pang'ono kuwonjezera pagulupu paja.

Pofika paboma ofesi yonse inali zii. Mayi Nsona anandigwira paphewa.

"Wachita bwino kutidziwitsa msanga," anatero, koyamba chilembedwere ntchito kundiyamikira. "Mlendo wafika kale, ndamufotokozera. Akuti tipitire limodzi kumaliro. Mwana wawo uja wa ku Blantyre wamupepesa?"

A Zuze ali ndi mwana wamkazi, Rozina, amasoka zovala ku Ndirande. Nambala yake ndinali nayo chifukwa nthawi zina foni ya bambo ake ikavuta timadzera kwa iye. Ndinamuimbira.

"Pepani achemwali ndi zomwe zachitikazi."

"Zachitika zotani?"

Apa ndiye pomwe munthu wamutu wabwino akanadzidzimuka. Mwana weniweni wa malemu osadziwa kanthu, ine wa ku ofesi n'kumadziwa? Koma ine ndinangoganiza kuti kumudzi kuja netiweki ndi yovuta. Ndinamuuza. Kulira komwe ndinamva pafonipo sindidzakuiwala, ndipo mbali imeneyi ya nkhaniyi sindiseka ngakhale pano. Anayesa kuimba kwawo, osapezeka. Tinagwirizana kuti alawirire, adzakwere nafe paboma.

M'mawa mwake tinanyamuka. Ine chitenje mpaka m'mapazi, duku kumutu, nkhope ya maliro. Mayi Nsona chimodzimodzi. Mlendo wa ku Lilongwe anavala jekete yakuda yobwereka. Rozina anakhala pakati pathu maso ali psu, atafumbata kachikwama. Kumbuyo tinaika thumba la ufa, kabichi ndi shuga za chipepeso. A Saidi ali ndi kafoni kamabatani, za pagulupu saziona, ndiye nkhaniyi anaimva m'mawa momwemo. Njira yonse ankangopukusa mutu.

"Koma moyo uno. Dzulo lomweli ndinali nawo. Tinatsitsa limodzi mipando, mpaka anandithyolera mango."

"Imfa ilibe manyazi," anatero Mayi Nsona.

"Komatu amaoneka amphamvu. Galimoto itandivuta pakhomo pawo pomwepo, anandikankha nawo."

Ine mawu amenewo anangondidutsa. Ndinali kalikiliki kuganiza za mawu oti ndikalembe pansi pa zithunzi za maliro.

Titadutsa Thambani tinayamba kupitirira anthu m'njira. Amayi atasenza nkhuni ndi timabeseni ta ufa, azibambo pa njinga, ena makasu paphewa. Onse kulowera kumodzi. Mlendo uja anati, "Bamboyu anali wokondedwa." Rozina anayambiranso kulira.

Tinafika pa masamba paja. Anali atafota, mbuzi zitadyako mbali ina. A Saidi anachepetsa liwiro, kuyang'ana masamba, kuyang'ana mtengo wa m'mbali womwe unali ndi zipsera zatsopano, kenako anandiyang'ana ine pagalasi.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "masamba munaona dzulo ndi amenewa?"

"Eya."

"Awa okhawa?"

"Ndi ena apo patsogolopo."

Ndinangoona khutu la a Saidi likugwedera.

Pabwalo panali anthu osayamba. Koma kunalibe kulira. Anthu anaima m'timagulu, ena akuseka, ena atagwira pakamwa. Ife sitinazione bwino zimenezo, chifukwa mwambo ndi mwambo, mkazi ukamafika pasiwa umafika ndi kulira. Rozina anatsika n'kuyamba, "Bambo anga ine, bambo anga ine." Mayi Nsona anapolokezana naye. Ine, poti ndi amene ndinabweretsa uthenga, ndinati ndisachepekedwe, ndinakweza mawu kuposa onse, manja kumutu.

Tili pakati pa bwalo, kuseri kwa nyumba kunatulukira munthu atanyamula ndowa yothirira mbande. Chipewa chakuthaitha chija. Anaima, natsokomola kamodzi.

Kulira kwanga kunathera pakhosi ngati wailesi yothera mabatire. Mlendo wa ku Lilongwe anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto. Rozina anangoti khu pansi, kenako anadzuka, kuthamanga, kukawagwira bambo ake m'mapewa, kumaso, m'manja, akulira kwinaku akuseka. Ndowa ija inatayika. A Zuze anamusisita pamsana nthawi yaitali.

Kenako anatembenukira kwa ife.

"Takulandirani a ku ofesi. Ndamva kuti ndamwalira. Achibale a mayi a kunyumbawa anafika dzulo madzulo ndi mikeka kudzagona pamaliro anga, anandipeza ndikudya mango. Ena akuti ndinagwa munazale, ena akuti njoka. Ndiye ndimati poti inu ndi ophunzira, mundiuze chenicheni chomwe chandipha."

A Saidi anapita pamsewu mwakachetechete n'kuyamba kutola masamba aja limodzilimodzi. Anali awo. Galimoto itawathimira dzulo lake anathyola nthambi n'kuyala kutsogolo ndi kumbuyo, monga achitira madalaivala onse pochenjeza anzawo, ndipo italira anangonyamuka ndi chisangalalo. Thobwa linali langa. Nyimbo zinali zanga. Tenti yanga. Adzukulu aja anali achinyamata omwe ndinawatuma ndekha kukakumba maenje a mitengo. Maliro onsewo ndinakonza ndine, kenako n'kubwera kudzawaona n'kuwakhulupirira.

Mayi Nsona anatembenuka pang'onopang'ono. "Unati waona ndi maso ako."

"Ndinaona masamba, bwana."

"Unalowa?"

"Ndinalibe chitenje."

Sindikudziwa chifukwa chake, koma mawu amenewa ndi omwe anaphulitsa bwalo lonse. Amayi a thobwa anagwa nako kuseka. Ine ndinagwada pomwepo pafumbi pamaso pa a Zuze ndi akazi awo, manyazi atandigwira mpaka m'mano. Akazi awo sanaseke nawo, ndipo sindiwadandaula. Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Lero ndiye mwachipeza chitenjecho," anatero.

Ndinadziwa kuti ntchito yatha. Ndinayamba kale kuganiza zokagulitsa manachesi pamsewu wa ku boda nyengo yake ikafika.

Koma a Zuze anali akuyang'ana khamu lija. Uthenga wa imfa unayenda pa njinga yamoto, wotsutsa unkayenda wapansi, ndiye anthu anali akufikabe, ena ochokera midzi yomwe sitinaitaneko n'komwe. Nkhalamba ija inakwera pampando umodzi wa bungwe, Rozina ataigwirizira.

"Abale anga," anatero, "zikomo pobwera kudzandiika. Sindimadziwa kuti ndili ndi abale ochuluka chonchi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuitanani kuphiri uko, mumati mutu. Lero ndikuona mitu yonse yachira. Makasu mwabwera nawo, ufa mwabwera nawo, tsiku mwalipatula kale, kumunda simupitanso. Dzenje langa lidikire kaye. Kuli maenje ena kuphiriko, ang'onoang'ono, osavuta."

Munthu ungakane bwanji pempho la malemu, mwini wake akukuyang'ana? Anthu anaseka, ena anang'ung'udza, koma ananyamuka. Mzere wa anthu osenza mbande unayambira panazale mpaka kuphiri. Amayi aja anaimba nyimbo zawo zolandirira alendo, ndipo masana dzuwa likuwala sizimamvekanso za maliro. Mbande zomwe timaganiza kuti titenga nazo sabata yathunthu zinatha dzuwa lisanapendeke. Ufa ndi kabichi za chipepeso zinadyedwa pomwepo, malemu akugawa nawo.

Ine a Zuze anandipatsa piki ndi mbande ya mbawa, n'kundilozera pamalo pouma gwa, pamiyala.

"Inu mukumba apa. Nokha. Ndi chindapusa."

Ndinakumba, chitenje chikumasuka, matuza akutuluka m'manja, achinyamata akundiwerengera mokweza. Umenewo ndiye mtengo woyamba kubzala ine chilowere ntchito yobzala mitengo. Ndikukwirira, a Zuze anabwera n'kunjuta pafupi nane, nayankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mwana wangayu anali asanapondeko kuno chaka chathunthu. Lero wabwera, ndipo akuti agona masiku. Pamenepo zikomo. Koma mwamuliza mwana wanga usiku wonse. Zimenezo musadzachitirenso munthu wina."

Ndinalira kachiwiri tsiku limenelo, ulendo uno zenizeni. Kwa Rozina ndinapepesa kangapo konse. Anandikhululukira patapita nthawi, atandisokera diresi n'kundilipiritsa mtengo wa mlendo.

Pobwerera, mlendo wa ku Lilongwe anali wosangalala ngati mwana. Anati wayenda maboma ambiri koma sanaonepo anthu akumudzi odzipereka chotere. Anafunsa Mayi Nsona ngati njira yathu yosonkhanitsira anthu ingalembedwe bwinobwino kuti mabungwe ena atengere.

"Njira imeneyi," anatero Mayi Nsona akuyang'ana kunja pawindo, "imagwira kamodzi kokha."

Lolemba lotsatira Mayi Nsona anandiitana mu ofesi. Ndinalowa nditanyamuliratu kapu yanga ya tiyi, poti ndimadziwa kuti ndikupita kwathu. Anati ntchito ndi yanga, koma pali lamulo latsopano. Uthenga uliwonse wa imfa, ndizimuimbira kaye mwini wakeyo kumufunsa. Ndipo anaseka. Aka kanali koyamba kuona mano awo a m'mbali.

Mitengo ija inagwira yambiri, kuphiri kuja tsopano kukuoneka kobiriwira mukamachokera ku Thambani. Mbawa yanga ya pamiyala nayo ilipo, yandipitirira kale msinkhu, ndipo anthu akumeneko amaitcha manda a a Zuze. Eni ake amakonda kukhala pamenepo akamapumula.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzira kufunsa kaye ndisanaponye uthenga, ndinganene kuti pang'ono. Chala chimandiyabwabe. Chomwe ndinaphunzira motsimikiza ndi chakuti m'chikwama mwanga simusowa chitenje, ngakhale ndikupita kubanki.

Mvula ya chaka chino itangoyamba, foni yanga inalira m'mawa ndikupita ku ofesi. Anali a Zuze, ali pachulu paja, mphepo ikuwomba m'foni.

"Mwana wanga, mbande zakonzeka. Koma anthu kuno mutu wayambanso kuwapweteka."

"Ndiye titani, bambo?"

Anatsokomola pang'ono, chifuwa chochita kupanga.

"Ndimati kapena mungandiphekonso."